Kugogoda si kulowa

Ana anga, inu amene tsopano mukusunga makompyuta m'nyumba za makolo anu ndi m'zipinda zanu za lendi, senderani pafupi ndikuuzeni zimene zinachitika pakhomo panga usiku wina wa mwezi wa Juni, kunja kukuzizira. Ndinali nditagona kale pamene mdzukulu wanga anagogoda kuchipinda. "Agogo, tadzukani, andilowera mu kompyuta!" Ndinadzifunditsa bulangete n'kutuluka. Pa tebulo la pabalaza panali laputopu yakale ya batire lakufa, imene mnyamatayu anaikamo Linux kuti aziphunzirirapo za kusukulu. Masiku atatu m'mbuyomo anali atatsegula khomo limodzi pa rauta yathu kuti azitha kuifikira laputopuyo iye ali ku koleji.

Pa sikirini mizere yoyera inkatsika ngati linthumbu. Wina wayesa kulowa ndi dzina lakuti root, walephera. Wayesa admin, walephera. Wayesa test, wayesa user, walephera. Patapita masekondi ochepa wabwera wina wa nambala ina, nayenso wayambira pomwepo. Mnyamatayo anali atafufuza kale manambalawo: ena a ku Brazil, ena a ku China, ena a ku Netherlands, ena a ku America. Manja ake ankanjenjemera, ndipo ndinaona kuti si mantha okha, mumtima munali mutalowa ukali. "Agogo, ndawagwira. Maadiresi awo ndi awa. Mundilole ndiwabwezere, aone kuti kuno kulinso anthu."

Ndinamuuza kuti achotse kaye manja pa kiyibodi, tiwerenge limodzi. Tinakokera mipando pafupi n'kuyamba mzere ndi mzere, kuchokera tsiku limene anatsegula khomolo. Tinamaliza tambala woyamba akulira. Pa mizere yonseyo, yonena kuti munthu walowa inali itatu yokha, ndipo pa itatu yonseyo anali iye mwini, masana, ali kusukulu. Ena onse anathera panja. Pamenepo ndinamuuza mawu amene ndikufuna inunso muwasunge: kugogoda si kulowa. Munthu wosatha kusiyanitsa ziwirizi amasowa tulo chifukwa cha mphepo yogwedeza chitseko, kapena amatuluka ndi chikwanje n'kukatema munthu wosalakwa.

Tiyambe ndi nyumbayo. Chipangizo chilichonse chikakhala pa intaneti chimakhala ndi nambala yopezekera, imene amisiri amati adiresi ya IP, monga nyumba ya m'tauni imakhalira ndi nambala ya puloti. Koma nyumba imeneyi si ya khomo limodzi ayi. Ili ndi makomo 65,535, lililonse ndi nambala yake, ndipo khomo lotere eni ntchito amati port. Makomo ena ali ndi ntchito yodziwika dziko lonse. Pa 80 ndi pa 443 ndi podutsa masamba a pa intaneti. Pa 22 ndi polowera munthu wofuna kulamula kompyuta ali kutali kudzera mu SSH, ndipo ndilo limene mdzukulu wanga anatsegula. Pa 23 ndi pa Telnet, njira yakale yotumiza pasiwedi osaibisa. Pa 445 makompyuta a Windows amagawirana mafayilo, ndipo pa 3389 ndi pa Remote Desktop, pamene munthu amagwiritsa ntchito kompyuta yako ali kwina ngati wakhala pampando wako. Khomo limatseguka pokhapokha m'kati muli pulogalamu yokhala pamenepo kudikira alendo. Popanda wodikira, palibe polowera.

Chimene mumachimva kuti port scan ndi ichi: wina akuyenda khomo ndi khomo, kugwira chigwiriro kuti aone ngati chikupotoka. Kompyuta ingamuyankhe kuti "lowani tikambe," ingamuyankhe kuti "pano m'potseka," kapena ingangokhala duu ngati palibe nyumba. Kukhala chete kumeneku ndiyo ntchito ya firewall. Choncho firewall ikakulemberani kuti yatsekereza wina, musauone ngati uthenga wa maliro. Ndi mlonda akukuuzani m'mawa kuti usiku kunadutsa anthu ndipo palibe amene anaponda pakhonde.

Mwina mufunsa kuti, nanga akundifuniranji ine wopanda chuma, wongosunga manotsi a kusukulu ndi zithunzi za ukwati wa achemwali? Sakukudziwani n'komwe. Maadiresi a IP a mtundu wakale, umene ambiri tikugwiritsabe ntchito, alipo pafupifupi 4.3 biliyoni. Kwa munthu ndi ochuluka, koma kwa makina ndi kamudzi kakang'ono. Mu 1997 Gordon Lyon anatulutsa Nmap, pulogalamu yowerengera makomo otseguka, ndipo mpaka lero ndi khasu la aliyense wosamalira netiweki. Mu 2013 ofufuza a pa University of Michigan anatulutsa ZMap, imene imatha kugogoda khomo limodzi pa maadiresi onsewo m'mphindi zosakwana 45, kuchokera pa kompyuta imodzi ya intaneti yothamanga. Palinso Shodan, imene John Matherly anayambitsa mu 2009, yoyendayenda usana ndi usiku kulemba m'kaundula makamera, marauta ndi zipangizo zina zonse zoonekera pa intaneti. Ogogoda ena ndi ofufuza, ena ndi makampani a chitetezo, ena ndi mbava ndithu, koma ambiri si anthu: ndi mapulogalamu ongodziyendera okha. Ali ngati mvula. Imagwa pa madenga onse osafunsa mwini, ndipo imalowa pokhapokha pali chiboo.

Tsopano ndikhale pa nkhani yobwezera, chifukwa ndi pamene magazi a chinyamata amathamangira. Adiresi imene mukuiona mu log, mizere ija yolemba ogogoda, nthawi zambiri si ya wakubayo. Ndi ya munthu wina amene anaberedwa kale, ndipo chipangizo chake chikutumidwa iye osadziwa. Mu 2016 kunabuka pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai. Inkagogoda pa khomo 23 dziko lonse, ndipo ikapeza potseguka inkayesa mayina ndi mapasiwedi oposa 60 amene opanga zipangizo amaika kufakitale, monga admin ndi admin, kapena root ndi 12345. Makamera a m'masitolo, makina ojambulira a makamerawo ndi marauta a m'nyumba anagwidwa ukapolo mazanamazana a zikwi, ndipo chilichonse chogwidwa chinkayamba kugogoda kwa anzake. Mu Seputembala chaka chomwecho gulu la akapololi linagwetsa tsamba la mtolankhani Brian Krebs. Eni a Mirai atamwaza poyera kapangidwe kake, ena anaitola, ndipo pa 21 Okutobala anaukira kampani ya Dyn, anthu ambiri ku America n'kulephera kufika pa Twitter, Netflix ndi masamba ena akuluakulu. Amene anaipanga anali anyamata atatu a msinkhu wanu womwewu, Paras Jha, Josiah White ndi Dalton Norman, ndipo mu Disembala 2017 anavomera mlandu m'khoti.

Ganizani bwino. Mdzukulu wanga akanabwezera usiku uja, akanamenya yani? Mwina mayi wina wa kagolosale ku Brazil amene anagula kamera kuti aziyang'anira katundu wake, osadziwa kuti kamerayo ikugogoda m'makomo a anthu a ku Malawi. Galu ukamugenda amathamangira mwala n'kuuluma, wogendayo ali phee kuseri kwa mtengo. Musakhale choncho. Komanso pobwezera mumadziulula: munali nambala imodzi pakati pa mabiliyoni, tsopano mwauza wa mbali inayo kuti pano pali munthu, ndipo wapsa mtima. Ngati kumeneko kuli mbava yeniyeni, ili ndi zipangizo zikwi zambiri pamene inu muli ndi laputopu imodzi.

Lamulo nalonso silili kumbali ya wobwezera. Ku Malawi kuno, lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa mu kompyuta ya wina popanda chilolezo. Inu amene muli ku South Africa, kumeneko kuli Cybercrimes Act ya 2020, ndipo ku Britain kuli Computer Misuse Act ya 1990. Mawu akuti "anayamba ndi iyeyo" sakupulumutsani pamaso pa woweruza, monga mmene kuberedwa mbuzi sikukupatsa ufulu wothyola khola la mnzako. Ngakhale chidwi chabe chingakupalamulitseni. Pa 2 Novembala 1988, Robert Tappan Morris, wophunzira wanzeru wa pa Cornell University, anatulutsa kapulogalamu kodzifalitsa kokha, ndipo kanafooketsa makompyuta zikwi zingapo pa nthawi imene intaneti inali yaing'ono. Khoti linamupeza wolakwa, linamuika zaka 3 m'manja mwa oyang'anira, maola 400 a ntchito yothandiza anthu ndi chindapusa choposa madola 10,000. Luso lanu ndimalinyadira, ana anga, ndipo ndikufuna likule. Phunzirani Nmap, koma muziiyesera pa zipangizo zanu, kapena pamene mwini wakulolani ndipo walemba chilolezocho.

Munthu amene ndikufuna mumutsanzire ndi Clifford Stoll. Mu 1986 ankasamalira makompyuta pa Lawrence Berkeley Laboratory ku California, ndipo anapatsidwa kantchito kooneka kachabe: m'mabuku a malipiro a ogwiritsa ntchito makompyutawo munali kusiyana kwa masenti 75. Wina akanangofufuta. Iye anatsata masentiwo n'kupeza kuti pali mlendo amene akulowa mozemba, n'kumadutsira pamenepo kupita ku makompyuta a asilikali a America. Sanakalipe, sanathamange. Analumikiza makina osindikizira ku mawaya olowera kuti chilichonse chimene mlendoyo walemba chizitsala pa pepala, ndipo anasunga buku lolembamo tsiku, ola ndi zochitika. Miyezi pafupifupi 10 inatha akulondola mapazi, mpaka anakafika ku Hannover, ku Germany, kwa Markus Hess, amene ankagulitsa zimene waba ku KGB ya Soviet Union. Hess anapezeka wolakwa mu 1990, ndipo zolemba za Stoll zinali umboni. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chida chake chachikulu chinali cholembera.

Inunso phunzirani kuwerenga log yanu mtima uli m'malo. Funso ndi limodzi: walowa kapena walephera? Kugogoda wamba kusiyeni, sikutha, ndipo mukati muzidandaula za aliyense mudzakalamba musanamalize. Koma mukaona adiresi imodzi ikulimbikira masiku ambiri, kapena ikuyesa dzina lanu lenileni, itsekereni pa firewall, kenako fufuzani pa whois, kaundula wa eni maadiresi, kuti ili m'manja mwa kampani iti. Maadiresi a mu Africa amagawidwa ndi AFRINIC, imene ili ku Mauritius, ndipo zigawo zina za dziko zili ndi mabungwe awo. M'kaundulamo mumapezeka imelo yolandira madandaulo, kawirikawiri yoyamba ndi mawu akuti abuse. Lembani mwaulemu ndi mwachidule, ikanimo mizere ya mu log, tsiku, ola, ndipo nenani kuti olalo ndi la dziko liti. Ambiri sayankha, koma ena amauza kasitomala wawo kuti chipangizo chake chagwidwa, ndipo mwathandiza munthu amene simudzamuona. Ofuna kuchita zoposa apa angatumize ma log awo ku DShield, ya SANS Internet Storm Center, kumene amasonkhanitsa zochokera kwa anthu ambiri kuti aone kumene mphepo ikulowera. Mutu umodzi susenza denga.

Koma ntchito yeniyeni ili pakhomo panu. Mphamvu zimene mukanawononga posaka wogogoda zipite kukuwerenga makomo anu. Yambani ndi rauta, pakuti ndiyo geti la mpanda. Itembenuzeni, muone kapepala komata kunsi: pamenepo pali dzina ndi pasiwedi ya kufakitale, imene nthawi zina aliyense wogula rauta ya mtundu umenewo angaidziwe. Isintheni lero. Pasiwedi yolamulira rauta ikhale yosiyana ndi ya Wi-Fi imene mumapatsa alendo. Zimitsani kuti rauta isamalamulidwe kuchokera kunja. Zimitsani UPnP ngati simukuifuna, chifukwa imalola zipangizo za m'nyumba kudzitsegulira makomo osakupemphani. Yang'anani pa port forwarding, ndipo khomo lililonse limene simukukumbukira chifukwa chake, tsekani. Mukatero tulukani panja mudzione ngati mlendo: tsamba la ShieldsUP la Steve Gibson limagogoda pa adiresi yanu mukalipempha n'kukuuzani makomo oonekera. Mwini nyumba wanzeru amazungulira mpanda wake madzulo, sadikira kuti wakuba amuonetse pobooka.

Firewall ya pa kompyuta musaizimitse chifukwa choti sewero lina lakana kuyenda. Ife tinaona dziko lopanda mlonda ameneyu. Mu Ogasiti 2003 kunali pulogalamu yoipa yotchedwa Blaster, yolowera pa khomo 135: munthu unkangolumikiza kompyuta ya Windows XP ku intaneti, osatsegula kanthu, n'kuona kabokosi kakuti kompyuta izima pakatha masekondi 60. Chaka chotsatira kunabwera Sasser, wolowera pa 445, wolembedwa ndi mnyamata wa sukulu ku Germany. Chaka chomwecho cha 2004 Microsoft inatulutsa Service Pack 2, imene inachititsa kuti firewall ya Windows XP izikhala yoyaka kuyambira pachiyambi. Chimene inu mwachipeza chili kale m'malo, ena anachilipira ndi misozi.

Ngati mukufunadi kulowa mu kompyuta yanu muli kutali, monga mdzukulu wanga, chitani mwa dongosolo. Pa SSH siyani kulowa ndi pasiwedi, gwiritsani ntchito kiyi, kafayilo kachinsinsi kamene kamakhala pa chipangizo chanu chokha. Wongoyesa mwamwayi angagogode zaka zikwi osakapeza. Letsani dzina la root kulowa kuchokera kunja. Ikani Fail2ban, pulogalamu yowerenga log n'kutsekera panja adiresi iliyonse yolephera kangapo. Kusamutsa SSH kuchoka pa 22 kupita pa nambala ina kumachepetsa phokoso, koma si loko. Kuli ngati kubisa kiyi pansi pa mwala wa pakhomo. Remote Desktop musaiyang'anitse ku intaneti mwachindunji ngakhale tsiku limodzi, pakuti ndi khomo limene olanda mafayilo amalikonda kwambiri. Ikhale kuseri kwa VPN, monga WireGuard.

Za apudeti ndikudziwa chimene mumachita. Kabokosi kakatuluka mumadina kuti mawa, chifukwa bandulo ndi yodula ndipo simufuna ithere pa chinthu chosaoneka. Mavuto a ndalama ndimawadziwa, koma imvani izi. Pa 14 Malichi 2017 Microsoft inatulutsa chigamba chotseka chiboo cha pa khomo 445. Ambiri anati mawa. Pa 12 Meyi kunabwera WannaCry, wolowera pa chiboo chomwecho, wotseka mafayilo n'kulamula madola 300 kuti awatsegule. Anagwira makompyuta oposa 200,000 m'mayiko pafupifupi 150. Ku Britain zipatala za NHS zinabweza odwala, ndipo anthu pafupifupi 19,000 analephera kuonana ndi madokotala pa nthawi imene anapangana. Mankhwala analipo pafupifupi miyezi iwiri, anthu osamwa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Pangani apudeti usiku bandulo ikatsika mtengo, kapena pa Wi-Fi ya kusukulu. Dziwaninso kuti Windows 7 inasiya kulandira zigamba mu Januwale 2020, ndipo nthawi ya Windows 10 inatha mu Okutobala 2025. Kompyuta yakale yokanika kunyamula Windows yatsopano musaitaye. Ikanimo Linux ipitirize kukutumikirani ili yotetezeka.

Tsono pali china chimene chimandidetsa nkhawa kuposa ogogoda onsewa. Ambiri a inu mumalowa pa intaneti kudzera pa foni kapena pa MiFi, ndipo kawirikawiri kampani imaika makasitomala ambiri kuseri kwa adiresi imodzi, moti wogogoda wa kunja safika n'komwe pa chitseko chanu. Wakuba wanu salowera pa khomo 22. Mumamutsegulira nokha, n'kumupatsa mpando. Amabwera mu pulogalamu yodula imene mwaipeza yaulere, ija amakuuzani kuti muyambe mwazimitsa antivairasi musanaiike. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Amabwera pa fulashi imene yazungulira m'malo oikira nyimbo ndi mafilimu. Amabwera pa linki ya pa WhatsApp yolonjeza bandulo yaulere kapena ntchito ya kunja. Amabweranso atavala yunifolomu ya mlonda: tsamba limadzaza sikirini ndi zofiira, likulira kuti kompyuta yanu yahakidwa, imbani nambala iyi msanga. Mukaimba, munthu wa mawu okoma amakuuzani kuti muike pulogalamu yoti akuthandizeni ali kutali, ndipo mukaiika mwamupatsa nyumba yonse. Uthenga uliwonse wokuthamangitsani uchedwetseni. Mantha ndiye kiyi imene mbava imadalira, n'chifukwa chake ndinayamba ndi kukukhazikani mtima pansi.

Pasiwedi imodzi isatsegule makomo anu onse. Ya imelo ikhale yakeyake, yaitali, ya mawu angapo osagwirizana, osati dzina la mwana kapena chaka chobadwa, chifukwa wolowa mu imelo amatha kusintha mapasiwedi a Facebook ndi ena onse. Yatsani chitsimikizo chachiwiri, chija chofuna nambala ya pa foni kuwonjezera pa pasiwedi, ndipo nambala imeneyo musauze munthu, ngakhale atati akuimba kuchokera ku banki. Ndipo mangani nkhokwe: mafayilo ofunika akhalenso pa hadi disiki ina, imene mukamaliza kukopera mumaizula n'kuiika m'kabati. Disiki yokhala yolumikizidwa nthawi zonse imapsa limodzi ndi nyumba.

Nanga tsiku likadzafika loti wina walowadi? Zizindikiro zake n'zosiyana ndi kugogoda. Log imaonetsa kuti wina analandiridwa pa ola limene munali mtulo. Mumapeza dzina la wogwiritsa ntchito limene simunalipange. Bandulo imatha musanachite kanthu, kompyuta imatentha ndi kulira ili yongokhala, anzanu amalandira mauthenga opempha ndalama m'dzina lanu, kapena mafayilo amakana kutseguka n'kutsala kakalata kolamula dipo. Pamenepo musazengereze. Zulani waya wa netiweki, zimitsani Wi-Fi. Musafufute kanthu msanga: jambulani sikirini ndi foni, koperani ma log, lembani tsiku ndi ola. Tengani chipangizo china chimene mukuchikhulupirira musinthirepo mapasiwedi, kuyambira imelo. Dziwitsani banki ndi kampani yosunga ndalama zanu za pa foni, ndipo chenjezani abale kuti asatumize kanthu. Ngati pabedwa ndalama kapena wina akukuopsezani, kanenani kupolisi. Lamulo la 2016 lija linakhazikitsanso Malawi CERT pansi pa MACRA kuti izithandiza pa nkhani zotere.

Dipo musalipire, pakuti palibe chokakamiza mbava kusunga lonjezo, ndipo ndalama zanu zikalipirira kuba kwa mawa. Mukasunga umboni, fufutani kompyuta yonse muikemo zonse mwatsopano, chifukwa wolowa kamodzi amasiya zenera lotsekula kuseri, ndipo simungalumbire kuti mwawapeza mazenera onse. Kenako bwezani mafayilo kuchokera mu nkhokwe ija, mutseke chiboo chimene analowera. Koposa zonse musabise chifukwa cha manyazi. Akatswiri enieni nawonso anapusitsidwapo. Safunsa anadya phula. Uzani wina wodziwa pamene bala likadali laling'ono.

Mdzukulu wanga sanabwezere. Kutacha tinamwa tiyi, kenako anapanga kiyi, analetsa pasiwedi pa SSH, anaika Fail2ban, ndipo anapeza kuti rauta yathu inali ikadali ndi pasiwedi ya kufakitale, chinthu choopsa kuposa alendo onse a usiku uja. Anagula kope la masamba ochepa, n'kulemba pa tsamba loyamba makomo otseguka a m'nyumba mwathu ndi chifukwa cha lililonse. Patatha sabata ndinamufunsa ngati asiya kugogoda. Anati, "Ayi Agogo, akugogodabe, koma ine ndikugona." Kumapeto kwa mwezi anapita kwa azakhali ake kukawasinthira pasiwedi ya rauta ndi kuwaphunzitsa kuti nambala yobwera pa foni sauza munthu.

Ndi zimene ndikupempha kwa inu nonse, ana anga. Ogogoda sadzatha, ndipo si ntchito yanu kuwathamangitsa. Ntchito yanu ndi kudziwa makomo anu, kuwatseka, kusunga zolemba, ndi kusatambasulira dzanja pa khomo la mnzanu. Musanagone lero tembenuzani rauta ija musinthe pasiwedi, lolani apudeti imene mwakhala mukuikankhira mawa, ndipo mukamaliza kwanu mupite mukachite chimodzimodzi kwa makolo anu.